Ufa wa Nambala Seveni

Ng'anjo ya mu labu yathu ndi imodzi yokha, ndipo kiyi wake amakhala m'thumba mwanga. Ndakhala ndikuiyatsa ndi kuizimitsa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Maprofesa amabwera n'kupita, ophunzira amalira n'kumaliza, koma wodziwa kuti chitseko chake chimafuna bondo kuti chitsekeke bwino ndine, Selemani Mhando, munthu wopanda digiri, wa zipsera za asidi m'zala. Pakhoma pamwamba pa ng'anjoyo pali lamulo limene ndinalemba ndi dzanja langa: munthu mmodzi, moto umodzi. Ndabwezapo ana a eni ambiri chifukwa cha lamulo limeneli, mpaka ena amanditcha Mzee Moto Umodzi ndikangotembenuka (Mzee ndiye mdala m'Chiswahili). Amaganiza kuti sindimva.

Nyamizi Kashindye anabwera kwa ife kuchokera ku Tabora, kumene ankaphunzitsa pasekondale ina. Unduna unamupatsa zaka zitatu kuti adzachite digiri ya udokotala, osawonjezerapo ngakhale tsiku limodzi. Ana ake awiri anawasiya kwa mkulu wake. Sanali ngati tiana tamakonoti timene timasiya magalasi akuda m'sinki n'kumayembekezera kuti angelo atsuka. Anali mayi wamkulu, wa zaka makumi anayi, wolemba chilichonse m'kope, ndipo tonse tinkangomutchula kuti Mwalimu, kutanthauza mphunzitsi.

Ntchito yake inali yosavuta kuinena. Amayi onyika nsalu mu utoto m'tauni muno amataya madzi abuluu m'ngalande, madziwo n'kukathera mumtsinje. Iye ankafuna kupanga ufa woti ukauthira m'madzi oterowo n'kuwaika padzuwa, utotowo uphwanyike, madzi ayere. Ufawo unali wa zinki, ndipo timibulu take tinkayenera kuchepa kwambiri, moti chikwi chathunthu titandanda sitingafike kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ena amaupanga ndi mankhwala odula ochokera kunja. Nyamizi ankaupanga ndi makoko a khofi, amene kuno ku Arusha amangowola m'milu kuseri kwa minda. Ankawawiritsa, kusefa msuzi wake, kuuthira pang'onopang'ono m'madzi a mchere wa zinki uku akutakasa, mpaka phala lotuwa litakhazikika pansi. Phalalo akalitsuka ndi kuliumitsa, ankabwera nalo kwa ine m'kambale kadothi loyera. Changa chinali kuotcha basi: madigiri 450, maola awiri. Potuluka m'ng'anjo ufawo umakhala wachikasu, ukazizira n'kuyera mbee.

Maufa ake asanu ndi limodzi oyamba anali aulesi. Ankakwera nawo padenga la labu, pamene pali simenti yosalala, n'kundandika matambula a madzi abuluu padzuwa. Maola anayi amatha, iye atapsa khosi, utoto utangochepa theka. Sankadandaula. Ankangolemba m'kope, kutsika, kukawiritsa makoko ena.

Ufa wachisanu ndi chiwiri unabwera kwa ine Lachinayi lina mu Febuluwale, m'chaka chake chachiwiri. Tsikulo analengeza kuti magetsi azima masana ndipo abweranso Lolemba. Nthawi inali yokwanira moto umodzi wokha, ndipo unali wa Nyamizi. Anandisiyira kambale kake n'kupita kukalasi. Asanafike n'komwe pamasitepe, kunatulukira Lomayani, wophunzira wa profesa wina, bambo wamtali wosachedwa kuseka, amene ankasakaniza mchere wa mkuwa ndi zitsulo zina pofuna zake.

“Mzee wanga, Mzee wa ine ndekha,” anatero, kambale kali m'manja. “Magetsi akapita lero, profesa wanga andimeza wamoyo ndi nsapato zomwe.”

“Werenga pakhoma.”

“Ndawerenga. Mwalemba bwino, dzanja lanu ndi lokongola. Koma taonani kambale kangaka, n'kakang'ono ngati kodyera mphaka. Kakhala pakona, sikalankhula ndi munthu.”

“Zauma zimenezo?”

“Zauma gwa, Mzee, ngati mtima wanu.”

Sindinganame kuti anandipatsa kanthu. Anangondiseketsa basi, ndipo ine chitsiru chokalamba ndinaika kambale kake pakona, ka Nyamizi pakati, tonse tiwiri tosavundikira, n'kukankha chitseko ndi bondo.

Zinali zosauma. Nditatsegula, m'ng'anjo monse munali mathothomathotho akuda. Zinthu za Lomayani zinawira n'kuthetheka, n'kumwazikira paliponse, ndipo pamwamba pa ufa wa Nyamizi panagwera timadontho takuda tambirimbiri. Ndinatukwana Lomayani, makolo ake ndi ng'ombe zawo. Kenaka ndinatenga kasupuni n'kutola timadonthoto kamodzikamodzi mpaka maso anga atakhutira. Ufa wotsalawo ndinaupera m'kamtondo monga mwa masiku onse, n'kuuthira m'kabotolo. M'buku la ng'anjo ndinalemba dzina la Nyamizi lokha, madigiri 450, maola awiri.

“Mzee, bwanji uwu watuwirako?” anafunsa Nyamizi atauyang'ana pawindo.

“Phulusa la makoko anuwo, Mwalimu. Simunatsuke mokwanira.”

Anachita manyazi n'kundipepesa. Anandipepesa ine! Kenaka analemba nambala seveni pakabotolopo.

Lachiwiri lotsatira ndinamva munthu akukuwa dzina langa kuchokera padenga. Ndinakwera ndikuganiza kuti wadzicheka ndi galasi. Ndinapeza Nyamizi atagwada pasimenti, m'manja muli tambula ya madzi oyera, oti munthu waludzu akanangomwa.

“Mphindi makumi anayi, Mzee! Makumi anayi okha!”

“Mwaiwala kuthira utoto, inu.”

“Ndabwereza kawiri. Khalani apa muone ndi maso anu.”

Ndinakhala. Anathira ufa pang'ono m'madzi abuluu, kuwasunga kaye m'kabati yamdima theka la ola monga amachitira, ndipo anatuluka akadali abuluu. Atawaika padzuwa, ndinaona mtundu ukuthawa ndili pomwepo. Anaitana a Profesa Mwakatobe, amene ankamuyang'anira, ndipo bambo aja, amene sakwera masitepe ngakhale nyumba itayaka, anafika padenga akupuma ngati ng'ombe yolima. Anayang'ana tambula, kuyang'ana Nyamizi, n'kunena kuti, “Mwanangu, waphula.” Madzulo ake anatigulira tonse nthochi zophika ndi nyama, ndipo ine ndinadya mbale ziwiri. Za timadontho tija sindinaziganize n'komwe. Ndinali nditatola tonse, si choncho?

Makina oonera tinthu tating'ono chonchi ife tilibe. Ufa wina anautumiza ku South Africa, ndipo zotsatira zinabwera mu Meyi. A Profesa anazitsegula pakompyuta ya mu labu, ine ndikupukuta tebulo chapafupi. Zithunzi zinaonetsa timibulu tokongola, tofanana kukula. Mizere yonse inkati ufawo ndi wa zinki weniweni. Koma Nyamizi analoza kamzere kena kakafupi chakumapeto.

“Profesa, nanga aka? Akuti mkuwa. Ine mkuwa sindinaukhudzepo.”

A Profesa anaseka mpaka kugwira pamimba. “Mwalimu, ufa wako pouika m'makina aja amauyala pa chiyani? Pa kasefa kakang'ono ka mkuwa. Aliyense padziko lapansi amaona kamzere kameneka, ndipo aliyense amakadumpha. Ukafunsa zimenezi pamsonkhano adzakuseka mpaka ku Tabora.”

Nyamizi anaseka nawo, n'kulemba m'kope kuti mkuwa ndi wa kasefa. Ine nsalu yopukutira inaima m'manja. Ndinadziwa pomwepo kumene mkuwa uja unachokera, ndipo ndinadziwanso kuti mphamvu ya nambala seveni sinali m'makoko a khofi. Pakamwa panali potsegula kale. Koma ndinayang'ana pakhoma, pa lamulo langa lija, ndi buku limene ndinanamamo, ndi zaka zitatu zimene zinanditsalira kuti ndipume pantchito ndi ulemu wanga. Ndinadziuza kuti a Profesa ndi munthu wophunzira, mwina akunena zoona, ine ndine yani. Ndinapitiriza kupukuta tebulo.

Chaka chinatha. Nambala eyiti, naini, mpaka khumi ndi zisanu, onse anabwerera ku ulesi wakale. A Profesa sanade nkhawa. Ankati makoko amasiyana munda ndi munda, nyengo ndi nyengo, ndipo a nambala seveni anachokera kwa mayi wina wa kumtunda kwa phiri, amene khofi wake amakhwima mochedwa. “Lemba zimene uli nazo,” ankatero. Nyamizi analemba. Buku lake lonse linatsamira pa nambala seveni, ndipo ufawo unatha psiti m'mayeso osiyanasiyana, osatsala ngakhale wonyambita nyerere. Lomayani naye anali atasiya sukulu kalekale n'kupita kukagula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali ku migodi ya ku Mererani.

Kalata ya woyesa wakunja, amene anapatsidwa bukulo kuti aliunike, inafika kumayambiriro kwa Juni. Bambo ameneyo, amene sitinamuonepo nkhope, anayamikira zonse, kenaka n'kunena chinthu chimodzi: ufa umene wapangidwa kamodzi kokha si umboni. Aupangenso katatu, ugwire ntchito chimodzimodzi, apo ayi afotokoze momveka chimene chinausiyanitsa ndi enawo. Popanda zimenezo digiri palibe. Tchuthi cha Nyamizi chinkatha pa 31 Julaye, ndipo unduna unali utakana kale kawiri kumuwonjezera nthawi.

Amene anakhalako ku Arusha mu Juni ndi Julaye akudziwa kuti dzuwa limakhala la mphekesera. Phiri limavala mitambo kuyambira m'mawa, kamvula kosanyowetsa kamangowaza, anthu n'kumayenda atakumbatira majuzi. Nyamizi ankafuna dzuwa la maola awiri okha patsiku, ndipo masiku ena sankalipeza. Anakwera njinga yamoto ya bodaboda mpaka kumtunda kuja kukafuna mayi wa makoko, n'kubwera ndi thumba lathunthu. Anagwiritsa mphika womwewo, chotakasira chomwecho, anafunafuna ngakhale botolo lakale la mchere wa zinki m'nkhokwe. Ine ndinkaotcha mosamala ngati ndikusambitsa khanda, kambale kamodzi pakati pa ng'anjo yoyera, ndikudziwa bwino lomwe kuti kuyera kumeneko ndiye kukumupha. Ufa unkatuluka woyera mbee. Padenga madzi ankakhala abuluu.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sankakayikira munthu wina aliyense koma iye mwini. Anawerenga kope lake mpaka masamba anayamba kuthothoka. Anasiya kupita kukadya. Tsiku lina ndinamutengera tiyi ndi chapati padenga, ndipo ndinamupeza atakhala pa ndowa yovundikira, atafunda chitenje cha kanga kumutu, akuyang'ana mitambo. Foni yake inalira. Anali mwana wake wamng'ono, ndipo mawu ake ankamveka mpaka kwa ine.

“Mama, kusukulu ndawauza kuti mukubwera muli dokotala. Akuti mudzatibaya jakisoni?”

“Osati dokotala wa jakisoni, iwe. Pita ukasambe.”

Atadula anaika foni pamiyendo. “Mzee, ndiuzeni zoona, inu mwaona ophunzira ambiri. Kodi n'kutheka kuti tsiku lija ndinalakwitsa kuyeza? Mwina ndinathira zinki wochepa osadziwa? Ndimadzifunsa usana wonse. Manja angawa anachita chinthu chimodzi chabwino m'moyo wanga wonse, ndiye sindikukumbukira kuti anachita bwanji.”

Apa m'pamene ndinalephera kupirira. Linali Lolemba, pa 14 Julaye. Ndinaika tiyi pansi, ndinavula chipewa changa, n'kumuuza zonse: magetsi, Lomayani, kambale kapakona, timadontho takuda, kasupuni, bodza la phulusa, ndi tsiku la kamzere ka mkuwa pamene ndinapitiriza kupukuta tebulo. Ndinalankhula ndikuyang'ana simenti.

Ndinkafuna andilalatire, anditukwane, andigende ndi tambula. Sanatero.

“Munandiuza kuti sindinatsuke mokwanira,” anatero potsiriza, motsitsa mawu. “Ndinakupepesani.”

“Munandipepesa, Mwalimu.”

“Nambala ya Lomayani muli nayo?”

Ndinali nayo. Anayankha pakati pa phokoso la msika, akutafuna kanthu.

“Mzee Moto Umodzi! Mukadali moyo? Mwaimba kuti mugule mwala wa mayi kunyumba?”

“Siya zimenezo. Kambale kaja kanathetheka m'ng'anjo, munali chiyani?”

“Kambale kati? Aa, kaja munanditukwanira ng'ombe za bambo anga? Mkuwa munali. Chitsulo mwina. Kapena kanali kaja ndinathiramo zotsala za mnzanga uja? Mzee, ine masiku amenewo ndinkangosakaniza ngati kachumbari wa tomato ndi anyezi, n'chifukwa chake ndili kuno.”

Nyamizi analanda foni. “Kaka Lomayani, mchimwene wanga, ndine Mwalimu. Kope lako lili kuti?”

“Dada yangu, mlongo wanga, pepani. Kope lija mkazi wanga anakulungira mandasi. Chavuta n'chiyani kodi?”

Anandibwezera foni n'kutsika masitepe, ndipo ndinamupeza ali kale m'nkhokwe akutsitsa botolo la mchere wa mkuwa.

Masiku asanu ndi anayi otsatira tinagwira ntchito ngati akapolo, osalankhulana kupatula za ntchito. Koma tinkaponya miyala mumdima. Mkuwa wochuluka bwanji? Wothira m'phala kapena wowaza pamwamba? Pamodzi ndi chitsulo kapena wokha? Nanga unagwera ng'anjo itatentha kufika pati? Funso lililonse linkafuna mwezi wakewake. Ufa woyamba tinachulutsa mkuwa, unatuluka wakuda n'kukanika kuposa aulesi aja. Wachiwiri unayesako, maola atatu. Wachitatu unadikira dzuwa masiku awiri osaliona. Ndinafika poika dala kambale konyowa pakona kuti kathetheke monga kale, ine mwini lamulo, koma kanangouma mwaulemu osaponya ngakhale dontho limodzi. Ndinakhala pansi kutsogolo kwa ng'anjo, ndikusowa mtengo wogwira.

Lachitatu, pa 23, a Profesa Mwakatobe analowa mu labu akuvina pang'ono, pepala lili m'mwamba.

“Mwalimu, phika mpunga wa pilau! Ndakhala ndikulimbana naye mzungu wako uja milungu itatu, sindinafune kukuuza zisanapse. Wavomera. Akuti popeza makoko ndi chinthu cha kumunda, chosinthasintha, tingowonjezera tsamba limodzi lonena kuti mphamvu ya nambala seveni inachokera m'makoko a nyengo imene ija, ndipo kuti ena adzafufuze. Ndalemba kale. Iwe ungosaina apa kuti zimenezi n'zoona monga mmene ukudziwira. Lachisanu ndikutumiza, Ogasiti ukupita kwanu uli dokotala.”

Nyamizi analandira pepalalo n'kuliwerenga mpaka pansi. Kenaka anandiyang'ana. Sindidzaiwala mmene anandiyang'anira. Munalibe mkwiyo m'maso mwake, munali kutopa kokhakokha.

“Profesa, si makoko,” anatero. “Mzee, auzeni.”

Ndinawauza. A Profesa anamvetsera mpaka kumapeto, kuvina kutatha. Anapita kukatseka chitseko cha labu, n'kubwerera pang'onopang'ono.

“Mhando, bweretsa buku la ng'anjo.” Ndinabweretsa. Anatsegula pa Febuluwale uja n'kuika chala. “Apa palembedwa anthu angati?”

“Mmodzi, Profesa. Koma ndinanama.”

“Ine ndikuwerenga buku. Ufa ulipo woti tikayeze? Palibe. Kope la mnyamata uja lilipo? Palibe. Ndiye tili ndi chiyani? Nkhani ya nkhalamba imene yakumbuka timadontho patapita chaka ndi theka. Mwina ndi mkuwa, mwina ndi makoko, Mulungu yekha ndiye akudziwa.” Anatembenukira kwa Nyamizi, mawu atafewa. “Mwanangu, ndimvere. Ukalemba za mkuwa, buku lako lonse lagwa, chifukwa mutu wake ndi makoko. Pafunika chaka china, ndipo chaka ulibe. Ukabwerera ku Tabora, labu ya kusukulu kwako ili ndi chiyani? Matebulo ndi choko. Ine sindinamve kanthu m'chipinda muno. Mhando sananene kanthu. Uli ndi mpaka Lachisanu.”

Sanali munthu woipa. Ankamufunira zabwino, ndipo zimene ananena za Tabora zinali zoona. Potuluka sanandiyang'ane n'komwe, ndipo mpaka lero palibe amene anandiitanira ku ofesi kapena kundilembera kalata. Ndinkayembekezera chilango ngati munthu woyembekezera mvula, koma sichinabwere.

Lachinayi ndinamutsatira Nyamizi paliponse ngati mbuzi yomangidwa chingwe.

“Mwalimu, sainani. Tchimo ndi langa, si lanu.”

“Dzina losainidwa likhala la yani?”

“A Profesa anena zoona, palibe akudziwa motsimikiza. Mwina maso anga anandinamiza. Mwina timadontho tija ndinatola tonse.”

“Mzee, inu mukukhulupirira zimenezo?”

Ndinayang'ana kumbali, ndipo iye anapitiriza kutsuka magalasi.

Lachisanu dzuwa linatuluka, loyamba lenileni m'milungu itatu, lowala bwino kuyambira m'mawa. Tinali ndi ufa umodzi womaliza, nambala 27, wa mkuwa pang'ono ndi chitsulo pang'ono. Tinakwera nawo padenga nthawi ya 11. Nyamizi anaika wotchi pasimenti, pepala la a Profesa analipsinja ndi mwala pambali pake, cholembera chili pamwamba. Mphindi makumi anayi zinakwana, madzi ali abuluu. Ola linakwana. Awiri. Mtundu unachepa pang'ono, monga unkachitira ndi maufa oyamba aja. Pansi ophunzira ankaseka popita kukadya.

Nthawi ya 2 koloko anatseka kope lake, n'kulimanga ndi kalamba.

“Mukudziwa chimene chikundiwawa, Mzee? Si kambale kaja ayi. Aliyense amalakwitsa. Ngakhale bodza la phulusa ndakukhululukirani.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kanga. “Ine za makoko ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse. Pepala ili likanandipeza ndisakudziwa kanthu, ndikanasaina ndikuimba, ndipo sindikananama. Munakhala chete chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. Munalephera bwanji kukhala chete masiku ena khumi?”

“Ndinkaona mmene munkavutikira, Mwalimu. Ndinkafuna kukuthandizani.”

“Munkafuna kutula katundu wanu. Mwatula. Ali pamutu panga tsopano.”

Sindinakane, chifukwa zinali zoona. Ndinamuuza kuti ndipita kwa a Profesa, kwa mkulu wa sukulu, kwa aliyense, ndikalumbire kuti ndinapeka nkhani yonse chifukwa cha ukalamba. Ndinamuuza kuti ndilemba ndi kusaina ndekha. Ndinali wokonzeka kugwada, ndipo ndikuganiza kuti ndinagwadadi.

“Mukalumbira kwa iwo. Nanga kwa ine?” anafunsa. “Dzukani, Mzee, simenti ikutentha. Ndili ndi ana makumi asanu ndi limodzi m'kalasi amene ndimawakwapula akakopera mayankho. Ndikaima bwanji pamaso pawo?”

Anachotsa mwala uja, anatenga cholembera n'kuchiika m'chikwama, pepala n'kundipatsa ine.

“Kawapatseni a Profesa. Ine sindingathe kuwaonanso nkhope, andichitira zambiri. Muwauze kuti basi ya ku Tabora ndakwera ya mawa.”

“Nanga ana mukawauza chiyani?”

Anangopukusa mutu, n'kuyamba kukhuthulira madzi abuluu aja m'chigubu cha zotaya, tambula imodziimodzi, mosamala kuti asadonthere pansi.

Ndinatsika ndi pepalalo. Pa masitepe ndinaima kawiri, ndikuyang'ana mzere wopanda dzina uja, ndikuganiza kuti mwina andiitana. Sanandiitane. Ofesi ya a Profesa inali yotsegula, iwo atakhala kale pakompyuta, kalata yopita kwa woyesa itatsegulidwa, akungodikira tsamba limodzi. Anatambasula dzanja akumwetulira, osayang'ana n'komwe, ndipo ine ndinawapatsa.